Nkhuni za a Sun-deok

Ndinayenda ndi a Pyo Sun-deok m'nkhalango ya boma nyengo zisanu ndi zinayi, ndipo nditati masiku onsewo ndinkawakonda ndingakhale ndikunama. Anali mayi wamfupi, wamatewe, wosakonda macheza panjira, ndipo anali ndi diso limene tonse m'gulu lathu tinkaliopa. Ife tinkadikira kuti mtengo wa paini ufiire ndiye tizinena kuti wadwala. Iwo ankauona udakali wobiriwira, n'kuima, n'kuuyang'ana ngati mwana amene wawanamiza, kenako n'kungoti, “Uwu wapita.” Ukabwererapo patatha milungu itatu unkaupeza wafiira psuu kuyambira kunsonga.

Ntchito yathu ndi yanyengo. Amatilemba mu Seputembala, kutichotsa kumapeto kwa Epulo, chaka chinacho n'kutiitananso ngati maondo akadalipo. Ambirife ndife a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, anthu oti tayamba kale imvi. Amatipatsa jekete lachikasu, foni yolemba pamene waima, choboolera, timatumba, ndi mpukutu wa tepi yofiira, ndipo timayenda awiriawiri. Ukaukayikira mtengo umasenda khungwa pang'ono n'kudikira. Wamoyo umatulutsa utomoni, wodwala umangokhala wouma gwa. Ndiye umaboola, utuchi n'kuika m'katumba, kumanga tepi, kudina foni. Ukadina ndiye kuti ku ofesi adziwa malowo, palibenso zobweza.

Matendawa ndi kanyongolotsi kosaoneka ndi maso, koma sikayenda kokha. Kamakwera chikumbu chija chanyanga zazitali. Chikumbucho chimaikira mazira m'mtengo wakufa, mphutsi zake zimagona m'katimo nyengo yonse yachisanu, ndipo kukafunda, chakumapeto kwa Meyi, zimaboola n'kuulukira ku mitengo yamoyo zitanyamula matenda. N'chifukwa chake mtengo uliwonse umene tamanga tepi umayenera kudulidwa Epulo asanathe, pamodzi ndi yonse imene ili mamita makumi awiri kuuzungulira, yodwala ndi yosadwala yomwe. Amaiduladula, kuthira mankhwala, n'kuiphimba ndi matenti obiriwira. Milu imeneyi timaitcha manda. Ukamabwera pa basi kuchokera kum'mwera umaiona ili mbwee m'mapiri, ndipo chaka chilichonse inkasendera kufupi ndi kwathu ku Saemgol.

A Sun-deok sanabadwire ku Saemgol. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, anali mwana wamkazi wachisanu m'nyumba imene inkadikira wamwamuna, ndipo ankati tsiku limene anabadwa bambo awo anapita kukapha nsomba. Anakwatiwa ndi a Tak Gi-man ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anabereka mwana mmodzi, Jae-ung, amene pano ali ku Daegu. Mwamuna wawo anamwalira kathirakitala katamugudubukira m'munda wa maapulo, mwanayo adakali kusekondale. Kuyambira pamenepo a Sun-deok anakhala ndi zinthu ziwiri: dimba la tsabola ndi bowa wa apongozi awo.

Bowa wa songi samera mwachisawawa. Amamera pansi pa mitengo ya paini yakale, yamoyo, ndipo ukadula mtengowo usamuyembekezerenso, ngakhale adzukulu ako sadzamuona pamalopo. Pali mbali ya phiri imene mudzi wonse umazula mosinthana, koma banja lililonse lakale lili ndi pake, ndipo pamenepo suuza munthu, ngakhale mwana wobala wekha. Apongozi aakazi a Sun-deok anali ndi ana aamuna awiri, Gi-man ndi mng'ono wake Gi-cheol, koma sanauze aliyense wa iwo. Ankati Gi-man akamwa makapu awiri a mowa wa mpunga angauze mpaka galu, ndipo Gi-cheol angagulitse malowo asanatsike phiri. Atamva kuti mphamvu zikutha anatenga mpongozi wawo, kukwera naye tsiku lathunthu, n'kumusonyeza. Anamuuza kuti, “Tsiku limene udzauze munthu, udzakhale kuti nawenso uli panjira ya kumanda.”

A Gi-cheol sanakhululuke. Kwa zaka makumi atatu, nyengo ya bowa ikafika, ankazemba pambuyo pa alamu awowo, akubisala kuseri kwa miyala ndi chipewa chawo chofiira chooneka uli kutsidya. A Sun-deok ankayenda nawo mozungulira mpaka ku mathithi, n'kukhala pansi, n'kumasula mpunga wawo.

“Alamu, tulukani tidye,” ankaitana choncho osacheuka. “Mwendo wanuwo ukuoneka.”

“Ndimafuna mbuzi yanga,” a Gi-cheol ankayankha akutuluka.

“Mbuzi munagulitsa chaka chatha. Khalani apa, ndiwo za kimchi ndakutengerani.”

Ine amandidziwa kuti Bun-ok, ndine wamng'ono kwa a Sun-deok ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkawatchula achemwali monga timachitira kuno. Chimene chinandidula mtima pa iwo chinachitika m'nyengo yathu yachinayi. Tinadutsa pa manda a bambo anga, pamene panali mitengo iwiri ya paini imene agogo anadzala ndi manja awo. A Sun-deok anaima. Ine ndinadziwa kuima kumeneko.

“Achemwali, tiyeni. Wangotopa ndi chilala umenewu.”

“Senda.”

“Ndi pa bambo anga pano.”

“Ndikudziwa. Ndinali pamaliro. Senda, kapena ndisende ine?”

Ndinakana, iwo anasenda, mtengo unali wouma. Anamanga tepi, kudina foni, n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Mwezi wotsatira anthu a macheka anadula mitengo khumi ndi isanu ndi inayi, manda a bambo n'kutsala pambalambanda pakati pa matenti. Ndinakhala mwezi wathunthu osawalankhula, koma tikuyenda limodzi tsiku lililonse, ine kumbuyo ndikuwatukwana chamumtima. Tsiku lina ndinawauza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anangoti, “Chikadzafika udzandikumbutse.”

Chinafika patatha zaka zisanu, ndipo sanafunike wowakumbutsa.

Zimene ndikunena apazi sindinazione ndi maso, anandiuza okha pambuyo pake. Mu Okutobala, Lamlungu lina, anakwera kukazula bowa komaliza. Pakati penipeni pa malo a apongozi awo panali mtengo umodzi umene masamba ake anali atayamba kuzolika. Sanafunike n'komwe kusenda, koma anasendabe, n'kukhala pansi n'kudikira utomoni kuposa ola. Sunabwere. Foni ya ku ntchito anali ataisiya kunyumba monga ankachitira nthawi zonse akamapita kumeneko. Anadziwa bwino kuti akadina, mamita makumi awiri adzameza malo onsewo, bowa adzatha, ndipo anthu a macheka adzapanga njira yoti aliyense adzaione.

Chimene ine ndinaona n'chakuti Lolemba anabwera ali ndwii. Pa nkhomaliro anafunsa kapitawo wathu, a Byeon, ngati malamulo odula asintha.

“Asintha pati, mayi Pyo? Mesa inu ndi amene mumatiphunzitsa ife?”

“Ndimangofunsa.”

“Makumi awiri ndithu. Ndipo akuti kukaipa adzafika makumi atatu.”

A Sun-deok anatseka mbale yawo asanamalize kudya.

Nzeru imene anaipeza ndi ya munthu amene amaidziwa ntchito mopitirira. Mphutsi zili m'mtengo, moto umapha mphutsi, ndipo zikumbu siziuluka mpaka Meyi. Anaganiza kuti akaudula okha mtengowo, n'kuutsitsa pang'onopang'ono, n'kuuwotcha m'ng'anjo yawo yotenthetsa pansi pa nyumba chisanu chisanathe, matendawo afera m'moto wawo ndipo palibe amene adzadziwe. Anatulutsa macheka a injini a malemu amuna awo, kuwanola, n'kukwera nawo tsiku lamphepo kuti phokoso lisamveke kumudzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, Lamlungu lililonse ndi tsiku lililonse lopuma, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu ankakwera phiri kawiri, nthawi zina katatu, n'kutsika ndi zipika pa chonyamulira chapamsana, kudzera m'khwawa mopanda njira.

Kusuntha nkhuni za paini n'koletsedwa, ndipo amene timayendera milu ya nkhuni m'makomo nyengo yachisanu ndife tomwe. Tawalembapo anthu ambiri, a Sun-deok anawalembapo a Gi-cheol kawiri. Choncho zipika zawo anazisanja kukhoma la kuseri, kutsogolo kwake n'kusanja mizere iwiri ya nkhuni za thundu. Mu Januwale, tsiku loyendera mudzi wathu, amene anafika pakhomo pawo ndi pepala anali ine. Ndinaona thundu, ndinalandira tiyi wa balere, ndinasaina. Ndani akanafukula mulu wa a Pyo Sun-deok? Kuseri kwa mpanda wawo, mapazi makumi anayi okha, kuli nkhalango ya mudzi, mitengo ya paini imene makolo anadzala zaka mazana atatu zapitazo kuti itchinge mphepo ya kumpoto. Ndinamwa tiyi ndikuiyang'ana.

Utsi unkatuluka pa nyumba yawo usana ndi usiku chisanu chimenecho, anthu mpaka ankaseka kuti a Sun-deok apeza chibwenzi chozizidwa. Koma mtengo wauwisi suyaka msanga, ndipo ng'anjo ya nyumba ya chipinda chimodzi ili ndi malire. Ankatsitsa zambiri kuposa zimene ankawotcha. Anaonda, masaya analowa, m'phiri ankatsalira m'mbuyo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Nditawafunsa anati ndi ukalamba, ndidzaona ndekha.

Mlungu wachiwiri wa Malichi, chipale chofewa chitayamba kusungunuka masana n'kumaundananso m'mawa, anaterereka m'khwawa ali ndi katundu kumsana. Fupa la m'chiuno linathyoka. Apa ndi pamene ndimasowa chonena pa mayi ameneyu. Sanakuwe. Anamasula katunduyo, kumukankhira pansi pa thanthwe, kenako n'kudzikhwekhwereza ndi zigongono, osati molunjika kumudzi, koma chopingasa, kudutsa kamtunda kulowa m'khwawa lina, kuti owapeza asadziwe kumene akuchokera. Anafika pa msewu wa m'nkhalango dzuwa likupendeka. Amene anawapeza ndi a Gi-cheol, akuchokera kogula chakudya cha agalu. Akuti mawu oyamba amene a Sun-deok ananena anali akuti, “Lero lokha ndiye mwabwera ndikukufunani.”

Ndinakawaona kuchipatala ku Andong patapita masiku anayi. M'chipindamo munali mabedi asanu ndi limodzi, Jae-ung ali pambali akusenda peyala, akazi a a Gi-cheol ali kumiyendo. A Sun-deok anandikodola, kundigwira mkono zolimba mpaka ndinamva kupweteka.

“Bun-ok, makiyi ali pansi pa mtsuko wa soya. Uzikasonkha moto kunyumba kwanga.”

“Moto wachiyani, achemwali? Muli ndani m'nyumbamo?”

“Pansi pangachite chinyezi. Uzisonkha tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Nkhuni zonse zija zithe.”

“Zonse? Nanga mukabwera muwotha chiyani?”

“Ndati zonse. Epulo asanathe.”

Jae-ung anaseka. “Amayi, nyumba si munthu, siizizidwa. Azakhali, musawamvere, ndi mankhwala akulankhula.”

A Sun-deok sanamuyang'ane mwana wawo. Ankandiyang'ana ine, ndipo anayang'ananso akazi a a Gi-cheol amene anali atatchera khutu, n'kubweza maso kwa ine. Mawu akuti Epulo asanathe ndawamva kambirimbiri pantchito, ndawanena ndekha kwa anthu. Tsiku limenelo anangondidutsa. Ndinati, “Chabwino, achemwali, ndizisonkha,” monga umayankhira wodwala.

Ndinasonkha katatu. Ndikunena zoona, katatu. Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene ntchito yathu imafika pakhosi, ndipo tsopano ndinkayenda ndi munthu watsopano amene sankasiyanitsa paini ndi mtengo wa magetsi. Ndikafika kunyumba, mbande za tsabola zikundidikira. Komanso ine ndinakulira m'nyumba imene amayi ankatimenya tikaponya chikuni chachiwiri pamoto, ndipo kuwotcha nkhuni zabwinobwino kutenthetsa nyumba yopanda munthu kunkandiwawa. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira zabwino, akadzabwera adzandithokoza. Mvula itayamba ndinafuna malata awiri akale n'kuphimba muluwo bwinobwino kuti usanyowe. Mwinanso, pansi penipeni, munali kamtima koti ine si wantchito wawo, mayi amene anadulitsa mitengo ya pa manda a bambo anga.

Ankaimba foni Lachitatu lililonse.

“Ukusonkha?”

“Ndikusonkha.”

“Zatsala zochuluka bwanji?”

“Zochepa.”

“Wafika kukhoma?”

“Ndatsala pang'ono. Inu ganizani za mwendo wanu.”

Bala lawo linatukusira, anawachita opaleshoni yachiwiri, kenako anawasamutsira ku chipatala chophunzitsa kuyenda, kufupi ndi kwa mwana wawo. Kwa milungu ingapo sankatha n'kugwira foni komwe. Epulo anatha, anatichotsa ntchito monga mwa nthawi zonse, tinabweza majekete. Meyi anadutsa ine ndili m'munda wa maapulo. Kunatentha msanga chaka chimenecho.

Pa 14 Juni ndinapita kwawo kukatsegula mitsuko ya soya kuti ipume dzuwa. Ndinati nditengeko nkhuni zingapo zokawiritsira ndiwo zoyanika, poti eni ake ankafuna zithe. Ndinasolola chikuni cham'munsi, mzere wa thundu unagumuka, wachiwiri n'kutsatira. Kumbuyo kwake kunali zipika zamakungwa ofiirira, zosanjidwa mpaka kudenga la khonde. Ndinanyamula chimodzi. Chinali ndi timabowo tozungulira bwinobwino, toyera m'mphepete, toti pensulo n'kulowa. Ndinatenga kamtengo n'kupisa m'kabowo kamodzi, kanalowa mpaka m'kati, munalibe kanthu. Ndinatembenuza chachiwiri, chachitatu. Ndinawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi n'kuleka. Ndinakhala pansi padothi. Kuseri kwa mpanda nkhalango ya mudzi inali yobiriwira, yokongola, mphepo ikuiweyula pang'onopang'ono.

Ndinakokera zonse pakati pa bwalo, kuthira mafuta a thirakitala, n'kuyatsa. Zinayaka bwino kwambiri, zinali zitauma pansi pa malata anga. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinaima pamenepo ndi fosholo ndikuwotcha zipika zimene eni ake anali atasamukamo kale. Anthu atabwera kudzaona utsi ndinati ndikuwotcha zinyalala. Moto utazirala ndinaimba foni.

“Achemwali, zonse zapsa.”

“Zonse? Mpaka kukhoma?”

“Mpaka kukhoma.”

Anapuma mpweya wautali, ndinaumva. Kenako anafunsa kuti, “Liti?”

Ndikanatha kunama, ndinali nditazolowera kale. Koma pakamwa panakana. “Lero.”

Ndinkamva wailesi yakanema ya m'chipinda chawo. Kenako anati, “Lero ndi Juni,” n'kudula.

Sanaimbenso. Ine sindinauze a Byeon, sindinauze aliyense, ndipo ndilibe chifukwa chabwino choti ndipereke. Ndinkachita mantha, komanso ndinkayembekeza zopusa, kuti mwina mbalame zinadya zikumbuzo, mwina mphepo inazikankhira kumunda wa maapulo kumene kulibe paini. Miyezi itatu imeneyo ndinkadzuka n'kupita kaye kumpanda kukayang'ana nkhalango ya mudzi ndisanatsuke m'kamwa. Mu Julayi inali yobiriwira. Mu Ogasiti inali yobiriwira, ana a alendo ankasewera pamthunzi, akuluakulu atayala mphasa akusewera makadi. Ndikadutsa ankandiitana kuti ndikhale nawo, ine ndinkati ndili ndi mphika pamoto. Chakudya chinasiya kundikomera.

Anatilembanso mu Seputembala. Mlungu womwewo mtengo wa pakona, woyandikana ndi mpanda wa a Sun-deok, unayamba kutuwa. Patatha masiku khumi inali inayi.

Jae-ung anabweretsa amayi ake pa chikondwerero cha zokolola, kuti adzapereke chakudya kwa makolo m'nyumba mwawo. Tsiku limene anafika ine ndinali m'nkhalango ya mudzi ndi tepi, a Byeon ali pomwepo, ndipo pafupifupi mudzi wonse unali utazungulira. Anthu ankalankhula motsitsa ngati pasiwa. Wina ankati ndi magalimoto a alendo, wina ankati ndi matabwa a kontirakita amene anamanga mlatho. A Gi-cheol ankalumbira kuti akamupeza amene wabweretsa zimenezi amuthyola khosi. Ndiye tinamva matayala pamiyala. Jae-ung ankakankha mpando wamatayala, m'menemo muli a Sun-deok, atachepa ngati mwana, bulangete pamiyendo.

Sanapereke moni kwa aliyense. Anakweza maso n'kuyamba kuyendetsa pa mitengo, umodziumodzi, monga ankachitira kale.

“Wamanga ingati?” anandifunsa.

“Inayi, achemwali.”

“Ndi khumi ndi umodzi. Uwo, uwo, iwiri iyo yapafupi ndi mwala, uwo wopindika, ndi iwiri ya kumbuyo kwa benchi.”

“Imeneyo ndi yobiriwira, mayi Pyo,” anatero a Byeon.

“Sendani muone.”

Palibe amene anasenda. Mayi wina wachikulire anayamba kulira chamumtima, atagwira pakamwa. A Sun-deok anauza mwana wawo kuti awatembenuze ayang'ane anthu.

“Musavutike kufufuza kontirakita,” anatero. “Zikumbuzi zinatuluka kuseri kwa nyumba yanga. Ndinadula mtengo wodwala m'phiri osaulemba, n'kuutsitsa ndekha.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mbali yanga, ya malata ndi mabodza a Lachitatu, koma anandidula. “Iwe udzanena zako nthawi yako. Tulutsa foni. Nthambi za kunsonga sindinamalize kutsitsa, zinatsala komweko. Mawa ukwere.”

“Kuti?” ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

Jae-ung anawerama. “Amayi, tilowe m'nyumba kaye. Muwauzire m'nyumba.”

“Ndabisa zokwanira.”

A Gi-cheol anavula chipewa, kuchiyang'ana, n'kuyamba kuchoka. A Sun-deok anawaitana.

“Alamu, mukupita kuti? Zaka makumi atatu mwang'amba nsapato chifukwa cha zimenezi. Imani mumve, ndi pa amayi anu.”

“Sindikufuna kumva chonchi, alamu.”

“Palibenso kumva kwina.”

Ndiye ananena, pamaso pa mudzi wonse, ndi mawu osanjenjemera. Ukadutsa thanki yamadzi usatsate njira, ulowe m'khwawa lachiwiri. Ukafika pa mwala wong'ambika upite kumanzere ngakhale kukuoneka ngati kulibe kopita. Pali pamene uyenera kukwawa pansi pa thanthwe. Ukatuluka, ukwere molunjika dzuwa lili kuphewa lamanja. Anthu amene moyo wawo wonse akanapereka ng'ombe kuti amve zimenezi ankayang'ana pansi. Ine ndinkalemba pafoni.

M'mawa mwake ndinakwera ndi a Gi-cheol, poti a Byeon anati ndisapite ndekha ndipo mnzanga watsopano uja sakanatha kukwawa. Pansi pa thanthwe tinapeza katundu uja, zingwe zidakali zomanga, zipika zili mabowo okhaokha. Titatuluka kuseri kwake fungo la bowa linatilandira tisanaone kanthu. Kanali kamalo kotsetsereka, koyang'ana kum'mawa, koyera pansi ngati pabwalo posesa, chifukwa anthu awiri anakhala akukasamala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Pakati panali chitsa chophimbidwa ndi masamba, pambali pake mulu wa nthambi. Bowa anali ponseponse, wamkulu, wotambasuka, wina atayamba kuwola poti panalibe womuzula. Pamwamba pake mitengo inali yofiira.

A Gi-cheol anakhala pa mwala, chipewa pabondo. Sanazule ngakhale mmodzi. Ine ndinayamba kumunsi, kusenda, kuboola, kumanga, kudina. Ndinalira ndikugwira ntchito, sindichita manyazi kunena. Tepi inandithera ndisanafike kumtunda, yotsalayo ndinailemba ndi choko.

Titatsika tinapeza a Sun-deok ali pabwalo pawo, pampando wawo, pafupi ndi pamene dothi linali lidakali lakuda ndi moto wanga. Anali atayang'ana kuphiri, ndipo Jae-ung anati akhala choncho kuyambira m'mawa, akana ndi chakudya chomwe. A Gi-cheol anangowerama pachipata n'kupitirira kwawo.

“Yofiira ingati?”

“Makumi atatu ndi umodzi.”

“Yobiriwira?”

“Isanu ndi umodzi.”

“Ilipo imene ili kunja kwa mamita?”

Ndinayang'ana manja anga, anali akuda ndi makungwa. “Palibe, achemwali. Yonse ili m'kati.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinayamba kunena kuti ndine wolakwa, kuti ndikanasonkha, koma anakweza dzanja.

“Ukanasonkha ukanapulumutsa ya kumudzi. Ya kumtunda ndinaipha ndekha, tsiku limene ndinasiya foni kunyumba n'kutenga macheka. Tikagawane mlanduwu ku ofesi mawa, aliyense anyamule wake.”

Kuseri kwa mpanda a Byeon ankayeza mamita ndi chingwe, akuitana manambala kwa wolemba. Kenako a Sun-deok anandigwira mkono, mopepuka ulendo uno, n'kundipempha kuti ndiwatembenuzire mpando uyang'ane kukhoma la nyumba. Ndinawatembenuza, phiri linatsala kumbuyo kwawo.